Miyendo ya Kaputeni Twaibu

Ku Balaka, kuseri kwa msika, kunali kanyumba ka malata akale kamene khonde lake linkafuka utsi wa makala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamenepo ndi pamene Che Twaibu ankagwirira ntchito yawo ya udobi, kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Zinali zaka zoyambirira za m'ma 1970, nthawi imene munthu wapantchito sankayerekeza kutuluka m'nyumba ndi malaya amakwinya. Boma linkayang'ana kutalika kwa tsitsi ndi kwa diresi, ndipo mabwana m'maofesi ankayang'ana zotsalazo. Motero aphunzitsi, akalaliki, a kunjanji ndi a kupositi, tonse tinkathera kwa Che Twaibu.

Kwawo kunali ku Nselema. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata m'nyumba ya mmwenye wina ku Limbe, ndipo anabwera nayo ku Balaka pamodzi ndi simbi yamakala yolemera ngati mwana woyamba kukwawa. Sitachi ankapanga okha ndi chinangwa. Kabudula wochoka m'manja mwawo ankatha kuima yekha pakhonde mwini wake asanalowemo. Panali chinthu chimodzi chokha chimene sankachita pantchito: kukhala pansi.

"Dobi wokhala pansi amasita ndi manja okha," ankatero, "koma woimirira amasita ndi thupi lonse."

Ndiye ankaima pamalo amodzimodzi tsiku lonse, kupatula nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ndi ya chakudya, mpaka zidendene zawo zinakumba timaenje tiwiri pansi pa tebulo.

Koma mukanawafunsa kuti ntchito yawo ndi yotani, sakanayamba ndi simbi. Akanati, "Ndine Kaputeni."

Ukaputeni umenewo unali wa Beni, gule wa anthu akuno amene makolo anatengera ku perete wa asilikali. Che Twaibu anamuyamba ali mwana, pamene amalume awo, amene anabwera ku nkhondo ndi nsapato zazikulu ndi chifuwa chosatha, ankaphunzitsa ana a m'mudzi kuguba m'munda wa chinangwa. Gulu lililonse la Beni limakhala ndi maudindo ake ngati gulu la nkhondo. Pamwamba pa onse pali Kingi, amene savina: amakhala pampando pansi pa ambulera, ovina n'kumamuchitira sawatcha podutsa. Kutsogolo kwa mzere kumakhala Kaputeni, wezulo ili pakamwa. Iyeyo akatembenuka onse amatembenuka, akagwada onse amagwada. Kumbuyo kumakhala Sajeni, wowongola mizere. Palinso Dokotala wovala jekete loyera, amene amazungulira ovina n'kumawapima pachifuwa mwa sewero, wina akagwa dala n'kumudzutsa anthu akuseka.

Che Twaibu anagwira wezulo zaka zambiri, ndipo chimene anthu ankadzera si mamendulo awo a zitsekerero za mabotolo ayi, koma miyendo. Inali miyendo yaitali, yowongoka, ya akatumba oumbika bwino, yotuluka m'kabudula wa kaki n'kulowa m'masokosi ofika m'mawondo. Akaponya mwendo kutsogolo n'kuugwira m'malere, amayi ankaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Lolemba lililonse lotsatira gule, ana a m'kalasi mwanga ankalowa pakhomo mmodzimmodzi akuponya miyendo chimodzimodzi, ndipo ndinkawasiya afike kaye pamalo pawo tisanayambe masamu.

Vuto linayamba mwakachetechete. Madzulo poweruka, miyendo inkalemera ngati aimangirira njerwa. Akakolo ankatupa, khungu linkayabwa, nthawi zina katumba ankakokana. M'mawa zonse zinkakhala zitaphwa, ndiye Che Twaibu ankati ndi kutopa chabe. Kenaka kuseri kwa mwendo wakumanzere kunayamba kuoneka mitsempha yotupa, yokhotakhota ngati mizu ya kachere pathanthwe. Mayi awo ku Nselema anali nayo yotereyi, koma iwo ankavala nsalu yofika kumapazi, ndipo panalibe wowapempha kuti aponye mwendo pabwalo.

Woyamba kuiona mitsemphayo anali akazi a Che Twaibu, Abiti Sidik, mayi wa ku Kalembo amene lilime lawo silinkafuna kunola.

"Bambo a Zaina, kodi m'mwendo mwanumu mwadzalamo mbatata? Taonani mmene yayangira."

"Tsitsani mawu, mayi a Zaina. Mpandawu ndi wa bango."

"Ndiye pitani kuchipatala."

"Kuchipatala akandivule masokosi pakhonde, akazi a akalaliki onse akuona? Pofika masana nkhani ili kusiteshoni, pofika madzulo yakwera sitima."

Anayesa za m'nyumba. Anaviika miyendo m'madzi otentha a mchere, anaipaka mafuta a nsatsi, anapempha telala kuti awonjezere pang'ono kutalika kwa kabudula, telala n'kuwafunsa ngati akufuna kabudula kapena buluku lodwala. Potsiriza anangokoka masokosi kuti akwere, ndipo kuti asatsike anawamanga pansi pa bondo ndi malegeni, timizere todula ku chubu cha njinga. Ankamanga molimba mpaka mphira kulemba m'khungu, poganiza kuti mtsempha ukaona kuti njira yatsekedwa ubwerera kumene wachokera. Sunabwerere. Yapansi inanenepa, ndipo umodzi unatulukira pamwamba pa sokosi, kuseri kwa bondo, pamalo poti mwini mwendo sangaone koma woima kumbuyo kwake amaona bwinobwino.

Woima kumbuyo anali Sajeni, mnyamata wogulitsa nyama dzina lake Abdulrazak, wovina bwino ndithu, amene wezulo ankaiyang'ana monga mphaka amayang'anira nsomba ili m'mbale ya mlendo.

Chaka chimenecho mpando wa Kingi unali wopanda munthu, mwini wake atakalamba n'kubwerera kumudzi. Mpikisano waukulu unalinso pafupi: gulu la ku Nsanama linali litalonjeza kubwera pa lole anthu akamaliza kukolola. Tsiku lina atatha kuyeserera, Abdulrazak anavula chipewa n'kupempha kulankhula.

"Akuluakulu, ine ndine mwana. Koma mtima umandipweteka ndikamaona bambo athu Che Twaibu akukhetsa thukuta padzuwa ngati ife anyamata. Atitumikira mokwanira. Mpando uwo ukungodya fumbi. Bwanji tiwakweze akhale Kingi, apumitseko miyendo?"

Anthu anaomba m'manja. Ena mpaka anayamikira makolo a mnyamatayo kuti analera bwino. Che Twaibu okha ndi amene anamva ngati akukonzeredwa maliro ali moyo. Kukhala pampando ng'oma zikulira, miyendo ili phee ngati ya tebulo, kwinaku wina akuliza wezulo yawo! Koma kukana ufumu pamaso pa anthu kunalinso kovuta, chifukwa chiyambire panalibe amene anaukanapo.

"Zikomo, ana anga," anatero. "Mundipatse nthawi ndikapemphere."

Anagwirizana kuti adzayankhe pa kuyeserera komaliza mpikisano usanachitike.

Kupemphera anapempheradi, koma analinganso zina. Ankafuna kuti pofika tsikulo mitsemphayo ikhale itachoka, kuti adzatsitse masokosi pamaso pa onse n'kufunsa kuti miyendo yofuna kupumayo ndi iti. Ndiye anapita kwa dokotala yekhayo amene ankadziwa kuti sangaulule: Dokotala wa Beni.

Ameneyu anali Che Hamadi, mnzawo wa kalekale, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Jekete loyera analivala m'gule zaka zochuluka kotero kuti amayi ena ankabweradi ndi ana otentha thupi kudzawafunsa nzeru, ndipo iwo, posafuna kukhumudwitsa anthu, ankayankha. Pang'ono ndi pang'ono nawonso anayamba kukhulupirira. Chopimira chawo chinali kapaipi ka pampu, kumapeto kwake atamangirirako chivundikiro cha belu la njinga.

Che Twaibu anafika m'mawa anthu asanachuluke, ndipo awiriwo anazungulira kuseri kwa mtengo.

"Achimwene, zimene muone pano zithere pompano."

"Dokotala salankhula," anatero Che Hamadi akuvala jekete. "Kwezani phazi pabeseni apo."

Beseni lake linali loviikamo machubu pofufuza pobooka, koma tsiku limeneli analivundikira pansi. Che Twaibu anaima, phazi limodzi lili pabeseni, sokosi atalitsitsa. Che Hamadi anagwada, anaika chivundikiro cha belu pa katumba, n'kutsinzina.

"Mukumva chiyani?"

"Chete. Akulankhula."

"Ndani?"

"Magazi. Akuti atopa. Awa ndi magazi akale, achimwene, a nthawi ya Chitaganya. Anatsika kalekale, ndipo anzawo atsopano akuwakaniza kukwera. Tikangowatsegulira kakhomo atuluka okha, mwendo n'kuphwa ngati tayala."

"Tayala lophwa siliyenda, Hamadi."

"Ndiye mukufuna liphulike? Mphini ziwiri basi, tipakemo mankhwala, mawa muli pa simbi."

Mphini aliyense kuno amazidziwa: timabala tating'ono totema ndi lezala pamene pakupweteka, n'kupakamo mankhwala akuda. Che Twaibu anali nazo kale pamsana kuyambira ubwana, ndipo sizinawavutepo. Chimene onse awiri sanadziwe n'chakuti mtsempha wotupa umakhala pafupi kwambiri ndi khungu, khoma lake n'lopyapyala, ndipo munthu akaimirira magazi onse a m'mwendo amautsamira.

"Bisimila," anatero Che Hamadi, n'kutema.

Mphini yachiwiri sinafike. Magazi anatumphuka ngati madzi a paipi yobooka, n'kulemba mzere wofiira pa jekete loyera kuyambira pathumba mpaka m'khosi.

"Hamadi! Akalewo ndi ochuluka chonchi?"

"Iyayi... awa akuoneka ngati a chaka chino."

Che Twaibu anayamba kudumphadumpha ndi mwendo umodzi kuzungulira mtengo, ndipo akamadumpha magazi ankawonjezera. Che Hamadi nzeru za udokotala zinawathera, kunatsala za njinga. Anawathamangira, anadinikiza chala chachikulu pabowopo monga amachitira ndi chubu, ndipo sanachichotsenso.

Abiti Sidik anawapeza ali choncho. Anali atadabwa kuona simbi itasiyidwa ndi moto pakhonde, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, n'kufunsa anthu kumene amuna awo alowera. Atafika sanafunse funso lina. Anaimitsa munthu wa makala amene ankadutsa mumsewu ndi wilibala, anakhuthulira makalawo pansi, n'kubwera ndi wilibalayo.

"Lowani."

"Mayi a Zaina, tidzere njira ya kunjanji, kulibe anthu..."

"Lowani, a Kaputeni. Lero wezulo ili ndi ine."

Njira yachidule yopita kuchipatala inkadutsa pamsika. Che Twaibu anakhala m'wilibala matako ali pansi, miyendo ili m'mwamba, Abiti Sidik akukankha, Che Hamadi akuthamanga chowerama pambali, chala chili pamwendo, chopimira chikulendewera m'khosi. Anyamata a chipani oona makadi pachipata cha msika, poona jekete loyera, anachita kupatula anthu okha kuti adokotala adutse. Ogulitsa matimati, poona Kaputeni ndi Dokotala wake, anayesa ndi sewero latsopano la Beni, n'kuyamba kuomba m'manja. Mayi wina anaimba nthungululu. Mwendo umene anaubisa miyezi yonse ija unadutsa pamsika wa Balaka uli m'mwamba ngati mbendera.

Kuchipatala anawalandira a Cephas, wothandizira dokotala, munthu wofatsa amene malaya awo ankasitidwanso ndi Che Twaibu. Anayang'ana mwendo, anayang'ana jekete la Che Hamadi, n'kufunsa mwaulemu.

"Anzathu, mwachokera chipatala chiti?"

"Cha Beni," anayankha Abiti Sidik.

A Cephas anagoneka wodwalayo pabedi, mwendo n'kuusanjika pa mapilo, ndipo atachotsa chala cha Che Hamadi anapeza kuti magazi atsala pang'ono kuleka. Anatsuka bala, analimanga, kenaka anatenga sizasi n'kudula legeni la mwendo winawo.

"Lero mwachita zinthu ziwiri zolondola, zonse mwangozi," anatero. "Chala, ndi wilibala. Mtsempha wotere ukabooka, munthu agone pansi, mwendo ukwezedwe, pabala padinikizidwe. Mukanapitiriza kudumpha, bwenzi pano tikukamba zina."

Kenaka anawafotokozera, ndipo Che Twaibu anadzatibwerezera mawuwo kambirimbiri pakhonde paja, kotero kuti ndikhoza kuwalemba mwadongosolo. Magazi akatsikira kumapazi amayenera kukweranso kubwerera kumtima, ndipo ulendo wobwererawo ndi wa chitunda. M'mitsempha muli tizitseko ting'onoting'ono totsegukira kumwamba kokha, kuti magazi akadutsa asabwerere pansi.

"Ngati vavu," anatero Che Hamadi, amene mphamvu zinali zitayamba kuwabwerera. "Inenso ndimaganiza choncho."

"Inu khalani chete," anatero Abiti Sidik.

Ngati vavu ndithu, a Cephas anavomera. Ndipo pampu yake ndi akatumba: munthu akamayenda, akatumba amafinya mitsempha, magazi n'kumakwera. Akaima malo amodzi tsiku lonse pampu imagona, magazi amadikha m'miyendo, mitsempha imatanuka, tizitseko tija sitikumananso pakati. Ena amatengera kumtundu, amayi ambiri zimawayamba ali ndi pakati, ena ndi ukalamba kapena kunenepa. Si magazi oipa, si kulodzedwa, si kuponda mankhwala panjira. Kumanga legeni pansi pa bondo kuli ngati kutseka mlatho anthu akufuna kuoloka. Ndipo zikalekereredwa, khungu la pakakolo limada, n'kudzabuka chilonda chovuta kupola.

Che Twaibu anamvetsera zonsezi maso ali kudenga. Funso lawo linali limodzi, ndipo analifunsa ndi mawu aang'ono.

"Ndiye kuti kuvina kwatha?"

"Wanena ndani? Balali lipole kaye. Koma Beni si amene wakupwetekani, bambo. Yakupwetekani ndi simbi. Mukamavina ndi pamene magazi anu amayenda bwino."

Ndiye anawapatsa malamulo. Bandeji yotanuka azikulunga m'mawa asanaponde pansi, kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, yogwira bwino koma yosaluma. Masana ndi madzulo azigona pang'ono miyendo itasanjikidwa pamwamba kuposa chifuwa. Posita asamaime ngati mtengo, aziyendayenda. Kukhala pampando nthawi yaitali miyendo ili lende, a Cephas anawonjezera, nakonso sikuthandiza. Mitsemphayo sichoka ayi, koma ikhoza kuleka kuvuta, ndipo ikadzakula mphamvu ku Zomba amatha kuichotsa ndi opaleshoni. Lezala ndiye asadzayerekezenso.

"Tabwerezani za mpandozo," anatero Che Twaibu, atadzuka ndi chigongono.

Mawa lake Che Hamadi anafika kunyumba ndi tambala m'khwapa. Anakhala pamkeka, tambala akudandaula.

"Achimwene," anatero, "dzanja linaterereka."

"Silinaterereke, Hamadi. Linafika pomwe munaloza."

"Ndiye ndi lezala. Malezala a masiku ano..."

"Siyani tambalayo, mupite," anatero Abiti Sidik ali kukhitchini. "Ndipo mumange miyendo yake ndi luzi, osati legeni."

Masabata otsatira anthu a ku Balaka anaona zachilendo. Ikatha swala ya masana, dobi amene sankakhala pansi uja ankapezeka ali chagada pamkeka, miyendo itatsamira khoma, akulonjera odutsa mozondoka. Kalaliki wina wa kunjanji anaima ndi malaya ake m'manja n'kufunsa ngati shopu yatsekedwa.

"Iyayi, bwana, yatsegula. Dobi ali pa mankhwala. Ikani apo, ndipo musaime nthawi yaitali, mungatengere."

Oseka anaseka mpaka anatopa. Munthu amene wadutsa pamsika m'wilibala alibenso chobisa. Posita ankakwera ndi kutsika pa zala za kumapazi motsatira simbi, akamaliza malaya amodzi n'kuzungulira tebulo asanatenge ena. Kulemera kwa madzulo kunachepa, kutupa kwa akakolo kunaphwa, bala linapola. Mitsempha yokha inakhala pomwepo, monga ananenera a Cephas.

Tsiku loyankha linafika. Gulu linasonkhana pabwalo, amayi oimba atakhala mbali yawo. Mpando wa Kingi anali ataupukuta, ambulera ataisoka pong'ambika. Che Twaibu anafika atavala kabudula, masokosi palibe, miyendo yonse iwiri ili mbee ndi mabandeji.

Abdulrazak anapukusa mutu mwachisoni. "Mwaona, akuluakulu? Kaputeni wa mabandeji. A ku Nsanama adzatipekera nyimbo."

"Mabandejiwa ndi a pampu," Che Hamadi analowerera. "M'mwendo muli vavu, ndipo vavuyo ikagona..."

"Inu a lezala, khalani pansi!" wina anakuwa kumbuyo, bwalo lonse n'kufa nalo phwete.

Che Twaibu anadikira kuti phokoso lithe. Kenaka anavula chipewa.

"Ana anga, ndapemphera, ndipo ndafunsanso kuchipatala chenicheni. Akuti mpando ndi umene ungandimalize, kuvina ndiye mankhwala anga. Choncho ufumu ndathokoza. Koma mpando sungakhale wopanda munthu alendo akubwera. Ndayang'anayang'ana, ndaona kuti pakati pathu pali mmodzi waulemu, wodziwa kulankhula, wa mtima womvera chisoni akuluakulu. Tsiku lonse amaima pa butchala, ndipo miyendo yake tiyenera kuisamala isanafike ngati yangayi. Bwanji tikweze Abdulrazak?"

Amayi anayamba nthungululu mawuwo asanathe. Anyamata awiri anamugwira Sajeni m'manja kumukokera kumpando, wina atatambasula kale ambulera.

"Iyayi! Iyayi, akuluakulu! Ine ndine mwana! Ine ndikufuna kuvina!"

"Aa," anatero Che Twaibu. "Kani nawenso?"

Abdulrazak anaima akupumira m'mwamba, anayang'ana mpando, anayang'ana Che Twaibu, kenaka anaseka yekha n'kubwerera kumbuyo kwa mzere popanda womutuma. Koma mpando unali ukadali pomwepo, tsopano utakanidwa kawiri, ndipo akuluakulu anayamba kunong'onezana kuti zotere zimabweretsa tsoka. Apa ndi pamene Abiti Sidik anaimirira pakati pa amayi, ngakhale kuti nkhani za maudindo sizinkawakhudza.

"Pepani, abambo, ndilankhuleko. Pali munthu pano amene wathandiza odwala mokwanira. Akhazikeni pamenepo Che Hamadi. Dzanja lina ligwire ambulera, lina ligwire ndodo, tonse tizigona tulo."

Panalibe wotsutsa. Che Hamadi anavula jekete, limene banga lake linali litakanika ngakhale kwa Che Twaibu, anakhala pampando, anatukula chibwano, ndipo mpandowo unawakhala bwino kuposa mmene aliyense ankaganizira. Wezulo inatsala m'khosi mwa mwini wake.

A ku Nsanama anabweradi pa lole, ndipo nyimbo anapekadi. Amayi awo atangoona miyendo yoyerayo anayamba kuimba kuti a ku Balaka asowa ovina mpaka akabwereka wodwala kuwodi. Che Twaibu anawalola amalize ndime yoyamba. Kenaka analiza wezulo, ng'oma zinayankha, ndipo anaguba molunjika kumene kunali amayiwo, mzere wonse uli pambuyo, n'kuponya mwendo wakumanzere m'mwamba pamaso pawo penipeni. Anaugwira m'malere mpaka woyambitsa nyimbo anaiwala mawu ake n'kuyamba nthungululu, anzake akumukoka nsalu kuti akumbukire kumene wachokera.

Za amene anapambana musandifunse. Ku Nsanama amati ndi iwo, ku Balaka timati ndi ife, ndipo oweruza anali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Che Twaibu anakhala Kaputeni zaka zina zingapo, akukulunga mabandeji m'mawa uliwonse n'kuwachapa okha madzulo. Aliyense wobwera ndi zovala, ngati ntchito yake inali yoimirira, sankachoka asanafunsidwe za miyendo. Ife aphunzitsi anatilamula kuti tisamazike mizu pabolodi koma tiziphunzitsa tikuyendayenda, ndipo ana okhala kumbuyo kwa kalasi sanawathokoze. Pamene khungu la pakakolo wakumanzere linayamba kuda, sanachedwe nazo: anakwera basi ya ku Zomba, n'kukachitidwa opaleshoni. Atachira anatsogoleranso nyengo imodzi yathunthu, kuti pasakhale wonena kuti miyendo ndi imene yawachotsa.

Kenaka Loweruka lina, gule ali pakati, ng'oma zikulira, anatembenuka, anaguba mpaka kumapeto kwa mzere, anavula wezulo n'kumuveka Abdulrazak, amene pa nthawiyi anali atayamba kale kamimba.

"Tsogola," anatero. "Koma ukaliza mochedwa, ndikulanda."

Iwo analowa pakati pa mzere, pakati pa telala ndi mnyamata wina wa kupositi, ndipo gule anapitirira.